Chuma Chimene Khansa ya Khomo la Chiberekero Imalanda ku Nsaru

Khansa ya khomo la chiberekero, yomwe imayamba ndi kachilombo ka HPV kofala pogonana, imapha amayi pafupifupi 3,000 chaka chilichonse m'Malawi muno, ndipo ambiri amamwalira ali pa msinkhu wolera ana ndi kugwira ntchito. Ku Nsaru, m'dera la Mfumu Kabudula, komwe amayi ndiwo amapalira chimanga, kukumba mtedza ndi kusoka fodya, imfa yotere imachotsa pakhomo mlimi amene thukuta lake silioneka m'mabuku owerengera chuma cha dziko.

Chuma chimayamba kutha maliro asanachitike, pakuti banja limagulitsa mbuzi kapena kukongola ku banki m'khonde kuti wodwala ndi womudikirira akafike kuchipatala chachikulu cha Kamuzu, munda nkugona wosalima, ndipo kawirikawiri mwana wamkazi ndiye amasiya sukulu kuti azilera azing'ono ake. Chowawa kwambiri nchakuti matendawa ngopeweka, popeza mu 2019 boma linayamba kupereka ulere katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, komanso kuyeza khomo la chiberekero ndi vinega, komwe kumaonetsa vuto khansa isanayambe, sikufuna makina odula.