Senga Bay ndi Chilumba cha Mizimu

Munthu akachoka pa tauni ya Salima n'kulunjika kum'mawa, amayenda makilomita pafupifupi 20 kenaka n'kutulukira kunyanja, m'dera la Mfumu Maganga. Pamenepo ndiye pa Senga Bay. Alendo amapadziwa chifukwa cha mahotela ndi mchenga woyera. Eni dera, ambiri mwa iwo Ayao ndi Achewa, amapadziwa ngati gombe la ntchito: mabwato ali ndanda pamtunda, alovi akusoka chilimira chong'ambika, usipa uli mbuu pathandala.

Chapafupi m'madzimo muli kachilumba ka Namalenje, ka miyala yoyera ndi zitosi za mbalame, pomwe ng'azi zimaothera dzuwa. Koma asodzi akakhala pansi masiku a mwera, nyanja itakalipa, nkhani zawo zimathamangira ku chilumba china chakumpoto, cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira.

Akuluakulu amati eni ake a Mbenje ndi mizimu, ndipo mizimuyo ili ndi malamulo ake. Mkazi sapondako. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Njoka ya pachilumbapo siphedwa, ngakhale itakwawa pafupi ndi mphasa yako. Wina akaphwanya mwambo, akuti njoka zimabuka paliponse, kapena mphenzi imang'anima mosalekeza mpaka wolakwayo atachoka. Mnyamata amatha kuseka nkhanizi ali kumtunda, koma akakwera bwato kusekako kumatha.

Lamulo lalikulu ndi la nyengo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mfumu imatseka chilumbachi mvula ikayamba, mu Disembala, ndipo aliyense amasamuka ndi makoka ake. Poyamba chimene ankaopa ndi mphenzi za dzinja, pakuti pamwala pakati pa nyanja palibe pothawira. Komatu miyezi imeneyi nsomba zimapeza mpata woswana ndi kukula popanda wozisokoneza. N'chifukwa chake utaka wa ku Mbenje umatchuka kukula ndi kunona, pamene magombe ena akulira kuti nsomba zatha. Kunena zoona, malamulo ambiri olembedwa pa pepala samveredwa chonchi.

Mu Epulo anthu amasonkhana pa gombe la Chikombe, akuluakulu amathira nsembe, mfumu n'kutsegula chilumba. Mabwato a ku Senga Bay ndi a magombe akutali amawolokera komweko kukamanga misasa. Wopezeka ndi kachasu m'thumba amazengedwa mlandu ndi nduna za mfumu, ndipo amalipitsidwa kapena kupirikitsidwa pachilumbapo.