Penti wa Mipando Yogulitsa ku Maruapula: Zomwe Timamva ndi Zomwe Zilipo

Ku Maruapula katundu wa m'nyumba sakhalitsa m'manja mwa munthu mmodzi. Derali lili kumpoto chakum'mawa kwa Gaborone, kufupi ndi Broadhurst, ndipo ambiri amalidziwira sukulu ya Maru-a-Pula, yomwe inatsegulidwa mu 1972, ndi holo ya zisudzo ya Maitisong ya mu 1987. Anthu ochuluka kumeneko ndi a lendi. Mphunzitsi kontilakiti ikatha, wogwira ntchito ku bungwe lakunja akamabwerera kwawo, wophunzira wa ku University of Botswana akamaliza maphunziro, matebulo, makabati ndi mabedi zimatuluka pa mtengo wozizira. Pali anthu, ena mwa iwo Amalawi anzathu ndi abale a ku Zambia ndi ku Zimbabwe, omwe amagula katunduyu, kumukonza, kumupaka penti ndi kumugulitsanso. Ndi ntchito yabwino yodyetsa banja. Koma pa nkhani ya mtundu wa penti pali mawu ena omwe timangopatsirana pakamwa osawayesa, ndipo amadyetsa anthu ndalama.

Oyamba ndi akuti penti woyera amagulitsa chilichonse. Muli choona pang'ono m'mawu amenewa. Munthu wa lendi sadziwa nyumba yomwe adzakhale chaka chamawa, choncho amafuna kabati yomwe ingalowe m'chipinda chilichonse osakangana ndi makatani kapena matailosi. Mitundu yofatsa imakopa ogula ambiri kuposa yolusa. Koma woyera wa mbee ali ndi mavuto ake. Penti woyera wa mafuta, uja wa enamel, amasanduka wachikasu pakapita nthawi, ndipo amafulumira kutero m'malo amdima monga m'kati mwa wadiropu. Penti wa madzi sachita zimenezi, koma ali ndi lake: mukamupaka pa thabwa la mlombwa kapena pa mfundo za paini, utomoni wa m'thabwamo umaboola n'kutulukira pamwamba ngati madontho ofiirira, ngakhale mutapaka katatu. Chotsekera utomoniwu ndi andakoti ya shellac, yomwe ndi ndalama ina. Kuwonjezera apo, woyera pa thabwa lodera amadya penti wambiri asanaphimbe. Ndiye pali makoma. Nyumba zambiri za lendi ku Gaborone zimapakidwa kirimu, ndipo kabati yoyera kwambiri ikatsamira khoma lotere imachititsa khomalo kuoneka lakuda ndi litsiro. Woyera wopita ku kirimu, kapena wotuwa pang'ono ngati phulusa, ndi amene amakhala bwino m'nyumba zotere.

Ena amathawira kwa wakuda, amati sadetsedwa. Amenewa sanakhalepo ku Gaborone mu Ogasiti ndi Sepitembala, mphepo ikamanyamula fumbi mvula isanabwere. Fumbi la kuno ndi lotuwa mofiirira, ndipo palibe pomwe limaonekera msanga kuposa pa tebulo lakuda. Mupukute m'mawa, pofika masana mwana akhoza kulembapo dzina ndi chala. Wakuda amaonetsanso zala zamafuta ndi kukalika kulikonse, ndipo mpando wakuda wa pakhonde umatentha dzuwa la mu Disembala likauwomba. Mitundu yapakati, monga wotuwa, wa mchenga, kapena wobiriwira mozimiririka, ndi yomwe imabisa fumbi. Wakuda kapena wabuluu wodera amakongoletsa miyendo ya tebulo kapena kabati imodzi ya pabalaza, koma wogula ayenera kuuzidwa kuti azipukuta pafupipafupi.

Chikhulupiriro chomwe chimandiwawa kwambiri ndi chakuti chinthu chakale chilichonse chimafuna penti kuti chigulike. Apa ndi pomwe chuma chimakwiriridwa. M'nyumba zambiri za ku Botswana muli matebulo ndi makabati a mtengo womwe kuno amautcha mukwa, womwe kwathu ndi mlombwa, komanso a mukusi wa ku nkhalango za ku Chobe ndi ku Zimbabwe. Mitengo imeneyi imakula mochedwa ndipo ikusowa. Mu Novembala 2022, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Panama, mayiko anagwirizana kuti mitengo ya mu Africa ya m'gulu la mlombwa, la mbawa ndi la msambamfumu isamagulitsidwe kunja popanda zilolezo. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti tebulo la mlombwa lomwe mwagula motchipa kwa munthu wosamuka ndi la thabwa lomwe lidzavute kupeza mtsogolo muno. Kulipaka penti wotuwa ndi kulisandutsa lofanana ndi tebulo la paini la m'sitolo, ndipo wogula wodziwa mitengo adzalipitirira osaliyang'ana kawiri.

Umboni wake uli mu Gaborone momwemu. Peter Mabeo, mmisiri wa mipando wa mumzindawu, anaonetsa ntchito zake pa chionetsero cha International Contemporary Furniture Fair ku New York mu 2006, ndipo mu 2021 anapanga mipando limodzi ndi kampani ya Fendi ya ku Italy yomwe inaonetsedwa ku Design Miami. Chomwe anthu akunja amasilira pa ntchito zake zambiri ndi thabwa lenilenilo ndi dzanja la mmisiri. Ife tikapeza thabwa lotere, chomwe limafuna ndi kulipala ndi sandipepa, kulipaka mafuta a matabwa kapena vanishi wosawala kwambiri, basi. Akalipentala a ku Ndirande ndi ku Mchesi amadziwa zimenezi kuyambira kale: mlombwa ndi mbawa sazipaka penti.

Choncho funso loti "ndipake mtundu wanji" lisanabwere, tembenuzani tebulolo. Onani kunsi komwe sikunapakidwe kanthu, linyamuleni mumve kulemera, tulutsani dilowa muone m'mphepete. Ngati mizere ya thabwa ikupitirira mpaka kumapeto kwa thabwalo, ndi thabwa lenileni. Ngati m'mphepete mukuoneka utuchi womatidwa, ndi chipboard kapena supawood yokutidwa ndi kachikopa ka thabwa kopyapyala, kosafika ndi milimita imodzi yomwe, ndipo makina opalira amakaboola pakamphindi. Penti ndi wa katundu wotereyu: paini wotchipa, supawood, chipboard, ndi mipando yomwe inaikidwa zigamba za matabwa osiyanasiyana moti vanishi angaonetse zigambazo. Za melamine, zija zoterera za m'makhichini, zimapakika, koma pokhapokha mutazikwecha kaye ndi kuika andakoti yomata pa zoterera. Mukapanda kutero penti amasendeka ndi chikhadabo.

Nanga za fasho? Achinyamata ena amatsata mtundu wa chaka, poganiza kuti ndi umene ogula akuufuna. Kampani ya Pantone ya ku America yakhala ikulengeza mtundu wa chaka kuyambira 2000: mu 2024 unali Peach Fuzz, wofiirira mopepuka ngati pichesi, mu 2025 Mocha Mousse, wa khofi wothira mkaka. Makampani a penti monga Dulux ndi Plascon nawo amalengeza yawo. Imeneyi ndi njira yotsatsira malonda, ndipo chaka chikatha mtunduwo umasintha. Mayi wogula wadiropu ku Maruapula akufuna kuti imutumikire zaka khumi. Lamulo lomwe ine ndimaliona kuti limagwira ndi la kukula kwa chinthu: chachikulu chikhale chofatsa, chaching'ono chikhoza kuwala. Katebulo ka pambali pa bedi, kashelefu, kapena mpando umodzi wa pakona zikhoza kukhala zachikasu kapena zabuluu, chifukwa munthu amagula zotere ndi mtima wokondwa ndipo sataya zambiri akatopa nazo. Wadiropu yofiira ya zitseko zitatu imadikira munthu mmodzi yekha mumzinda wonse, ndipo pomudikirapo ikukudyerani malo ndi mpamba. Dziwaninso kuti ofiira ndi achikasu ambiri amasuluka msanga padzuwa, ndipo dzuwa la ku Gaborone, mzinda womwe uli pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja ndipo mitambo imasowa miyezi yambiri, silichedwa kuwasulutsa.

Palinso chizolowezi chosankha penti pa kakhadi ka m'sitolo n'kukhulupirira kuti ndi momwe adzaonekere. Kakhadiko ndi kakang'ono, ndipo mumakaona pansi pa magetsi a m'sitolo. Mtundu womwewo ukafalikira pa chitseko chonse umaoneka wamphamvu kuposa pa khadi. Babu la kuwala kofunda, la 2700K, limakokera wotuwa ku chikasu, pomwe la 6500K limamukokera ku buluu. Gulani kachitini kakang'ono kaye, pakani pa chidutswa cha thabwa kawiri, chisiyeni chiume, muchione m'mawa, masana ndi usiku. Muchijambulenso pa foni, chifukwa masiku ano wogula amayamba kuona katundu pa Facebook kapena pa WhatsApp. Jambulani pamthunzi, masana, pafupi ndi khoma loyera, ndipo musakometse chithunzi. Munthu akachoka ku Tlokweng kapena ku Mogoditshane, n'kulipira galimoto yonyamulira, kenako n'kupeza kuti kabati yomwe inkaoneka yotuwa ndi yobiriwira, mwataya iyeyo ndi anzake onse omwe adzawauze.

Tsopano za kubisa. Alipo omwe amati penti wowala kwambiri amachititsa chinthu kuoneka chatsopano, ndipo amakwirira zilema. Ndi zosiyana kwenikweni. Penti akamanyezimira kwambiri ndi pomwe amaonetsa bwino chibowo chilichonse, mzere wa bulashi ndi pomwe sandipepa sinafike. Wowala pang'ono, uja amalemba kuti satin kapena eggshell, amakhululuka zambiri ndipo amapukutika. Penti wa choko, yemwe Annie Sloan anayamba kupanga ku England mu 1990, watchuka chifukwa amamata popanda kupala kwambiri, koma amafuna phula kapena vanishi pamwamba, apo ayi tebulo lodyera limathimbirira ndi kapu yoyamba ya tiyi. Ndipo palibe penti yemwe angachiritse chipboard yomwe inamwa madzi n'kufufuma, kapena mwendo womwe ukutuluka ufa m'timabowo chifukwa cha tizilombo todya matabwa. Kupaka pamwamba pa zotere ndi kugulitsa vuto kwa mnzako. Amalawi ku Botswana timadziwika ndi ntchito ya manja yokhulupirika, ndipo mbiri imeneyi anatimangira ndi omwe anabwera ife tisanafike. Si yoti tiigulitse chifukwa cha ndalama zochepa.

Pamenepa ndiwonjezerepo za nthawi. Penti kuuma pogwira ndi kulimba ndi zinthu ziwiri. Wa madzi amauma m'maola ochepa, koma amatenga milungu itatu kapena inayi kuti alimbe kwenikweni, ndipo mitundu yodera, yomwe imathiridwa utoto wambiri, imachedwerapo. Kupaka padzuwa la masana m'chilimwe kumaumitsa pamwamba msanga n'kusiya mizere. Pakani m'mawa, pamthunzi, pomwe palibe mphepo, ndipo wogula mumuuze kuti asaikepo zolemera kwa milungu ingapo.

Chikhulupiriro choopsa kuposa zonse ndi chakuti penti ndi penti, bola mtundu wakongola ndipo mtengo ndi wabwino. Kwa zaka zambiri, mitundu yowala ya penti wa mafuta, makamaka wachikasu, wofiira, wa lalanje ndi wobiriwira, inkapangidwa ndi utoto wa mtovu. Imeneyi ndi mitundu yomwe timathamangira tikamakonza kabedi ka khanda, katebulo ka ana kapena mipando ya ku sukulu ya mkaka. Bungwe la zaumoyo la WHO limanena momveka kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ndi wosavulaza. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, umachepetsa nzeru, ndipo zomwe waononga sizibwerera. Mwana sachita kumwa penti. Amaluma m'mphepete mwa bedi, kapena amagwira fumbi n'kuika zala m'kamwa.

Muyeso womwe bungwe la zachilengedwe la UNEP limalimbikitsa mayiko ndi wakuti mtovu usapitirire magawo 90 pa miliyoni. Ku South Africa, komwe katundu wambiri wa m'nyumba za ku Botswana amachokera, lamulo loletsa mtovu wochuluka mu penti linabwera mu 2009. Kwathu ku Malawi, bungwe la Lead Exposure Elimination Project, litangokhazikitsidwa mu 2020, linayeza penti wa m'masitolo n'kupeza kuti wambiri wa mafuta anali ndi mtovu wopitirira muyeso, ndipo Malawi Bureau of Standards inachitapo kanthu. Nkhaniyi imatikhudza pawiri. Choyamba, mpando wakale womwe unapakidwa wofiira kapena wachikasu zaka zambiri zapitazo ukhoza kukhala ndi mtovu, ndipo kuupala pouma ndi makina kumamwaza fumbilo pabwalo pomwe ana anu akusewera. Upaleni monyowetsa, mutavala chotchinga mphuno chabwino, kutali ndi ana ndi amayi oyembekezera, zinyalalazo muzikulunge n'kuzitaya, ndipo musawotche penti wakale ndi moto.

Chachiwiri, pogula penti watsopano, werengani chitini. Ngati sichikunena kuti mulibe mtovu, ngati chilibe dzina la wopanga, kapena ngati ndi penti wotsala wa zitsulo ndi wa misewu yemwe wina akugulitsa m'mabotolo, musiyeni ngakhale atatchipa bwanji. Chilichonse chomwe mwana angagonepo, kudyerapo kapena kuluma, chipakeni penti wa madzi wochokera m'chitini chotsekedwa, ndipo wogula akafunsa mumuonetse chitinicho.