Mapazi akamayaka moto usiku

Mwagona, nyali mwazimitsa, koma tulo sitikubwera. Kunsi kwa mapazi kukutentha ngati mwaponda makala, ndipo zala zikulasalasa ngati muli singano. Mpaka mumatulutsa miyendo kunja kwa bulangeti kuti ipitidweko mphepo. Ena akuuzani kuti mwaponda mankhwala, koma musathamangire kukatemetsa mphini. Nthawi zambiri vuto limakhala m'mitsempha imene imanyamula uthenga pakati pa mapazi ndi ubongo. Mitsempha yopita kumapazi ndi yaitali kuposa ina yonse, ndiye ikayamba kuonongeka, mapazi ndiwo amayamba kudandaula.

Cimaononga mitsemphayi n'ciyani?

Coyamba kuciganizira ndi matenda a shuga. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri, amaidya mitsempha pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa n'komwe. Ngati mukumvanso ludzu pafupipafupi, kukodza kambirimbiri usiku ndi kuonda, pitani mukayezetse. Kadontho kamodzi ka magazi a pacala n'kokwanira.

Mowa nawo, makamaka kacasu wa tsiku ndi tsiku, umapweteka mitsempha ndi kumana thupi mavitamini a gulu la B. Mavitamini omwewa amasowanso munthu akamangodalira nsima ya ufa woyera popanda ndiwo zokwanira. Kacilombo ka HIV, khate ndi matenda a impso zimabweretsanso vutoli.

Ngati muli pa mankhwala a TB, dziwani kuti amodzi mwa iwo, isoniazid, amatha kuyambitsa kutenthaku. Musasiye kumwa ayi! Kauzeni anamwino kucipatala, akupatsani vitamini B6 woteteza mitsempha.

Nthawi zina vuto ndi lapakhungu cabe: pakati pa zala pakamayabwa, kuyera ndi kusupuka, mankhwala opaka amathandiza, bola muziumitsa bwino mapazi mukasamba.

Mungacite ciyani pakhomo?

Viikani mapazi m'madzi ozizirirapo kwa mphindi zocepa musanagone. Madzi otentha ayi, ndipo musaothetse mapazi pamoto, cifukwa phazi lacita dzanzi limapsa mwini wake osamva. Cepetsani mowa kapena usiyeni. Pambale pazipezeka nyemba, mtedza, usipa, mazira ndi masamba, ndipo nsima ya mgaiwa isamasowe. Valani nsapato zosathina, musayende opanda nsapato ngakhale kumunda.

Madzulo alionse yang'anani mapazi anu, kunsi ndi pakati pa zala. Ngati simutha kuwerama, mwana akuonereni. Kwa wodwala shuga, kabala kakang'ono ka minga kakhoza kukula mpaka madokotala kudula phazi.

Mukaona bala losapola, phazi lotupa kapena lakuda, dzanzi likukwera cakumaondo, kapena miyendo ikufooka, musadikire kuti mwezi uthe. Pitani kucipatala tsiku lomwelo. Mitsempha ikaonongekeratu sibwerera msanga, koma cimene cikuiononga cikadziwika nthawi ikadalipo, cimaletseka, ndipo mankhwala ocepetsa ululu alipo.