Chibadwa cha Thupi ndi Nthenda ya Kubanika ku China

Kafukufuku wa mu 2018 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 100 miliyoni ku China ali ndi COPD, nthenda yosatherapo imene imapanikiza njira za mpweya m'mapapo. Asing'anga a kumeneko, potsata chiphunzitso cha Wang Qi wa ku Beijing chimene chinakhazikitsidwa mu 2009, amagawa matupi a anthu m'mitundu 9. Iwo amati ambiri mwa odwalawa ndi operewera qi, ndiye kuti mphamvu ya moyo: amatopa msanga, thukuta silichedwa, chimfine sichiwasiya.

Koma kodi kufookako ndiko kumaitana nthenda, kapena nthenda ndiyo imafooketsa munthu? Mtundu wa thupi amaudziwa makamaka pomufunsa mafunso mwini wake. Utsi wa fodya ndi wa malasha ophikira umawononga mapapo a mitundu yonse 9, ndipo chotsimikizira nthendayi ndi kuuzira mpweya m'makina otchedwa spirometer.