Mankhwala a Khansa ya M'magazi

Magazi a munthu amapangidwa m'kati mwa mafupa. M'magazi muli tinthu tating'ono kwambiri, dzina lake maselo. Maselo ofiira amanyamula mpweya. Maselo oyera amateteza thupi ku matenda. Nthawi zina maselo oyera amayamba kuculuka mopanda malire. Matenda amenewa ndi khansa ya m'magazi. M'Cipwitikizi amati leucemia.

Khansa ya m'magazi ili ndi mitundu ingapo. Mtundu umodzi, umene madotolo amati leucemia mieloide crónica, umabwera pang'onopang'ono ndipo umagwira kwambiri anthu akuluakulu. Matendawa sapatsirana, ndiponso sabwera cifukwa ca ufiti. Wodwala angathe kudya m'mbale imodzi ndi ana ake.

Zizindikiro

Wodwala amatopa msanga, amaonda, ndipo amatuluka thukuta usiku. Kawirikawiri kapamba amatupa kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, ndipo munthu amakhuta atangodya pang'ono. Anthu a ku Tsangano ndi ku Macanga amadziwa kuti malungo naonso amatupitsa kapamba. Motero munthu angataye miyezi yambiri akumwa mankhwala a malungo. Kuyeza magazi kokha ndiko kumasonyeza matenda enieni.

Cimene cimalakwika m'thupi

M'selo la munthu muli timizere 46 tonyamula malangizo a thupi. Dzina lake ndi makromozomu. M'caka ca 1960, Peter Nowell ndi David Hungerford a mumzinda wa Philadelphia, ku America, anaona kuti odwala matendawa ali ndi kromozomu imodzi yaifupi. Mu 1973 Janet Rowley anapeza cifukwa cake: kromozomu ya nambala 9 ndi ya nambala 22 zimaduka ndi kusinthana zidutswa. Pamene zalumikizana pamapangidwa kanthu kena, dzina lake BCR-ABL, kamene kamalamula selo kuti lizibereka maselo ena osaleka. Vutoli limayamba munthu atabadwa kale. Makolo sapatsira ana ao.

Mankhwala olunjika

Mankhwala akale a khansa ali ngati moto m'munda: amaononga udzu pamodzi ndi cimanga. Mankhwala a imatinib ali ngati mlimi amene amazula kaufiti yekha ndi kusiya cimanga. Amapita kukatseka BCR-ABL, ndipo maselo odwala amaleka kuculuka.

Dotolo Brian Druker anagwira nchito ndi kampani ya Novartis poyesa mankhwalawa. Anavomerezedwa ku America mu 2001. Dzina lao lina ndi Glivec. Kale odwala ambiri ankamwalira patapita zaka zowerengeka. Koma pa odwala 100 amene anayamba imatinib pa kafukufuku wamkulu woyamba, oposa 80 anali ndi moyo patapita zaka 10. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, limene m'Cipwitikizi amati OMS, linaika imatinib pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Kupeza mankhwala

Ulendo umayambira pa cipatala capafupi. Munthu wa ku Ntengo-Wambalame kapena wa ku Furancungo akayezedwa, namwino angamulembere kalata yomutumiza ku cipatala cacikulu. Kalatayi amati guia de transferência. Wodwala angafike ku Hospital Provincial de Tete, ndipo nthawi zina amatumizidwa kutali, kwa madotolo a matenda a magazi, monga a ku Hospital Central de Maputo. Dotolo amayamba watsimikiza kuti BCR-ABL ilipo. Ngati palibe, imatinib siingathandize khansa ya mtundu umenewu.

Mankhwalawa anali okwera mtengo kwambiri. Bungwe la The Max Foundation, mogwirizana ndi Novartis, lakhala likuwapereka kwaulere kwa odwala a m'maiko ambiri osauka kudzera mwa madotolo ao. Masiku ano makampani ena amapanganso imatinib wotsika mtengo. Wodwala afunse dotolo njira imene ilipo kwa iye.

Imatinib salandiridwa popanda receita ya dotolo. Mapiritsi a pamsika angakhale onyenga, akale, kapena oonongeka ndi dzuwa. Kugawana mapiritsi ndi mbale amene akudwala mofanana n'koopsa.

Kumwa mankhwala mosamala

Akuluakulu ambiri amapatsidwa mamiligalamu 400 kamodzi pa tsiku, koma dotolo ndiye amanena mlingo. Piritsi limwedwe pa nthawi ya cakudya, pamodzi ndi kapu yodzaza madzi. Wodwala akaiwala, asamwe awiri nthawi imodzi.

Patapita masabata ocepa kapamba amaphwa ndipo mphamvu zimabwerera. Apa ndi pamene pali ngozi, cifukwa ena amaganiza kuti acira ndipo amaleka. Maselo odwala amayambanso kuculuka, ndipo nthawi zina samvanso mankhwala. Odwala ambiri amamwa imatinib zaka zambiri, ena moyo wao wonse. Magazi ayenera kuyezedwa pa masiku amene dotolo wanena.

Mankhwalawa angabweretse mseru, kutsegula m'mimba, kukokana kwa minofu, ndi kutupa kwa zikope kapena miyendo. Wodwala akamva kutentha thupi, akataya magazi, maso akasanduka acikasu, kapena akamavutika kupuma, apite ku cipatala tsiku lomwelo.

Dotolo auzidwe za mankhwala onse amene wodwala akumwa, ndi azitsamba omwe. Rifampicina, mankhwala a cifuwa cacikulu, amacepetsa mphamvu ya imatinib. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa anene msanga, cifukwa imatinib angapweteke mwana.

Abale ali ndi nchito yao. Amakumbutsa wodwala nthawi ya piritsi. Amasunga mapiritsi pamalo ouma, kutali ndi moto ndi ana. M'dzinja miseu imavuta, conco amawerenga mapiritsi otsala ndi kukonza ulendo mapiritsiwo asanathe.

Mafunso

1. Kodi magazi amapangidwa kuti?
2. N'cifukwa ciani kutupa kwa kapamba kungasokoneze anthu?
3. Kodi Janet Rowley anapeza ciani mu 1973?
4. Cimacitika n'ciani wodwala akaleka mankhwala atapeza bwino?
5. Lembani njira zitatu zimene abale angathandizire wodwala.