Musanafomate Kompyuta ya Linux, Werengani Zimene Yalemba

Pali chizolowezi chimene chinamera mizu pakati pa ife okonza makompyuta, ndipo eni makina nawo anachilandira ngati lamulo: kompyuta ikangoyamba kuvuta, ifomatidwe, zonse ziikidwemo mwatsopano. Tinachitengera ku Windows, kumene mavairasi nthawi zina amakhala atalowerera kwambiri moti kuyambiranso kumafulumira kusiyana ndi kusakasaka gwero la vuto. Tsopano poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana malaputopu ambiri akale chifukwa alibe TPM 2.0 kapena purosesa imene iyo ikufuna, anthu ena ayamba kuika Ubuntu, Linux Mint kapena Fedora m'makina amene akanangotayidwa. Chizolowezi chija asamuka nacho. Ine ndikuti pa Linux kufomata kuzibwera kumapeto kwenikweni, ndipo nthawi zambiri sikuchiza kanthu, chifukwa mavuto amene amasautsa anthu tsiku ndi tsiku ali ndi zoyambitsa zochepa zodziwika bwino, komanso kompyutayo imakhala italemba kale chimene chalakwika. Wofomata amafufuta umboni asanauwerenge.

Tiyambe tadziwa kuti chimene timachitcha Linux si chinthu chimodzi. Pakatikati pali kernel, imene a Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo ndiyo imalankhula ndi zida za m'kati mwa makina. Kernel isanadzuke pali kapulogalamu kotchedwa GRUB kamene kamaiyitana. Kenako pali ma driver, pali zimene mumaona pa sikirini, kaya ndi GNOME, Cinnamon, KDE Plasma kapena Xfce, ndipo pamwamba penipeni pali mapulogalamu anu monga Firefox ndi LibreOffice. Zigawo zimenezi zinalembedwa ndi magulu osiyanasiyana a anthu, choncho chimodzi chikhoza kugwa zinzake zili chiimire. Chosangalatsa n'choti zigawozi zimalemba zimene zikukumana nazo, monga muja zimakhalira ndi buku la kuchipatala limene timayenda nalo: dokotala wanzeru amayamba waona zimene mnzake analembamo asanakupatseni mankhwala. Pa Linux bukulo limatsegulidwa ndi lamulo lakuti journalctl, limene mumalemba mu terminal, zenera lolembamo malamulo. Mukalemba journalctl -b -p err limakuonetsani zolakwika zokha kuchokera pamene munayatsa makina, ndipo journalctl -b -1 limakubwezerani ku ulendo wapitawo, uja kompyuta inangoima osayankha muli pakati pa ntchito.

Tengani dandaulo lotchuka kuposa onse, lakuti Wi-Fi sikuoneka. Munthu amaika Linux, amayang'ana pakona pa sikirini, maneti kulibe. Akafomata n'kuikanso kuchokera pa flashi yomweyo, zotsatira zake zimakhala zomwezo, chifukwa chimene chikusowa sichili pa flashipo. Kachipangizo ka Wi-Fi kamafuna driver komanso kafayilo kotchedwa firmware, ndipo makampani ena amene amapanga zipangizozi, makamaka Broadcom pa zida zake zakale, sanalole kuti mafayilo awo azigawidwa momasuka. Anthu a Debian, mtundu wina wa Linux, analimbana nayo nkhaniyi kwa zaka zambiri mpaka anachita kuvota mu 2022, ndipo Debian 12 ya mu 2023 ndi imene inayamba kubwera ndi firmware yotereyi pa chimbale chake chovomerezeka. Njira yake ndi yaifupi. Lamulo lakuti lspci limatchula dzina la kachipangizoko, lsusb limatchula zimene zalumikizidwa kudzera pa USB, ndipo rfkill list limanena ngati Wi-Fi yangozimitsidwa ndi batani la pa kiyibodi, zimene zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amavomerezera. Ngati ikusowa ndi driver, lumikizani foni ndi chingwe, yatsani USB tethering kuti kompyuta ibwereke intaneti ya foniyo, kenako tsegulani Additional Drivers pa Ubuntu kapena Driver Manager pa Mint. Mafayilo anu onse amakhala pamene anali.

Mavuto ena amabadwira pamalire a Linux ndi Windows, pamene awiriwa akukhala m'makina amodzi. Amene ali kuno kwathu amaona wotchi ya Windows yabwerera m'mbuyo ndi maola 2 akangochoka pa Linux, ndipo ena amathamangira kukasintha kabatire ka pa motherboard. Kabatire kalibe mlandu. Linux imasunga nthawi ya UTC m'wotchi ya m'kati mwa makina n'kumawonjezera maola a dziko lanu poionetsa, pamene Windows imatenga nthawi ya m'wotchimo ngati ya kwanuko. Malawi, Zambia ndi Mozambique zili patsogolo pa UTC ndi maola 2, ndiye kusiyana kwake n'komweko. Lamulo limodzi, timedatectl set-local-rtc 1, limawagwirizanitsa. Chimodzimodzi pamene Linux ikukulolani kuwerenga mafayilo a mbali ya Windows koma ikukana kuti mulembemo kanthu. Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012 pali chinthu chotchedwa Fast Startup, chimene chimachititsa kuti mukadina Shut down makina asazime kwathunthu koma angogona, disiki ili yosatsekedwa bwino. Linux ikapeza disiki yotero imakana kulembamo poopa kuwononga mafayilo anu. Imeneyo ndi nzeru, ndipo mankhwala ake ali mu Windows momwemo: zimitsani Fast Startup mu Power Options.

Chimene chimaopsa anthu kwambiri ndi sikirini yakuda pambuyo pa apudeti. Apa mtima umathamanga, munthu n'kuganiza kuti zonse zapita. Koma kawirikawiri chagwa ndi chigawo choonetsa zithunzi chokha, pansi pake makina ali moyo. Dinani Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi. Mukaona mawu oyera okupemphani dzina ndi pasiwedi, dziwani kuti kernel ikugwira ntchito ndipo mafayilo anu alipo. Amene amakumana nazo kwambiri ndi eni makadi a Nvidia. Ma driver a Intel ndi AMD ali m'kernel momwemo ndipo amasintha nayo limodzi, pamene a Nvidia akhala obisika kwa zaka zambiri, mpaka a Torvalds anaidzudzula kampaniyi poyera mu 2012 pa yunivesite ya Aalto. Nvidia inadzatsegula mbali ina ya ma driver ake mu 2022. Kernel ikasintha driver osamangidwanso bwino, kapena Secure Boot, chitetezo cha poyatsa makina, ikaikana chifukwa ilibe siginecha, sikirini imada. Koma Ubuntu ndi Mint sizitaya kernel yakale nthawi yomweyo. Poyatsa makina gwirani Shift kapena dinani Esc, GRUB ionekere, lowani mu Advanced options, sankhani kernel ya m'mbuyo, ndipo mudzakonza driver muli pa desktop yanu yomwe. Palinso vuto lofanana nalo limene choyambitsa chake n'chosavuta mochititsa manyazi: mulemba pasiwedi yolondola, sikirini iphethira, mwabwerera pomwe munali. Lembani df -h pa sikirini ya mawu oyera ija. Mukaona 100% pa disiki, desktop ikulephera kutsegula chifukwa ilibe poti n'kulembapo ngakhale kafayilo kamodzi. Kuchotsa mafilimu angapo, kapena kulemba sudo apt clean ndi sudo apt autoremove, kumathetsa nkhani.

Ife a kumadera kumene magetsi amazima osatsanzika tili ndi vuto lathulathu. Magetsi akazima apudeti ili pakati, mapulogalamu ena amatsala atatsegulidwa koma osamalizidwa kuikidwa, ndipo mukayesa kuika china chilichonse kompyuta imakana. Werengani uthenga wake mpaka kumapeto, chifukwa umatchula wokha lamulo lofunika, sudo dpkg --configure -a, limene limapitiriza ntchito pamene inalekezera. Nthawi zina makina amaima pa mawu akuti initramfs n'kukuuzani kuti muyendetse fsck pa chigawo chakutichakuti cha disiki. Dzina la chigawocho limakhala litalembedwa pomwepo. Ndipo uthenga wakuti "Could not get lock" sutanthauza kuti china chawonongeka. Umangosonyeza kuti pulogalamu ina ikuchita kale apudeti kuseri, ndipo chofunika n'kudikira kuti imalize. Muganizirenso za bandulo. Wofomata ayenera kukokanso maapudeti onse ndi mapulogalamu onse kuchokera pa intaneti, ndalama imene lamulo la mzere umodzi likanapulumutsa.

Ndikudziwa chimene ena anene: zonsezi n'za akatswiri, munthu wamba sangalimbane ndi sikirini yakuda ya Chingerezi chovuta. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Mauthenga ambiri analembedwa ndi opanga mapulogalamu polankhula ndi anzawo, ndipo ena ndi ouma zedi. Koma palibe akukupemphani kuti muumvetse uthenga wonse. Chofunika n'kuukopera ndendende mmene ulili, pamodzi ndi dzina la Linux yanu ndi nambala yake, n'kuufufuza pa intaneti kapena kuutumiza kwa wodziwa. "Kompyuta ikuvuta" sikuthandiza aliyense. Chithunzi cha sikirini chojambulidwa ndi foni chimathandiza nthawi yomweyo. Ndiponso ife timakonda terminal pa chifukwa chosadabwitsa: mabatani a GNOME ndi a Xfce ali malo osiyana, koma df -h ndi yomweyo paliponse, choncho n'zosavuta kumuuza munthu pa foni. Choopsa chenicheni chili kwina, pa kukopera malamulo kwa anthu osawadziwa n'kuwayendetsa ndi sudo musanafunse ntchito yake. Mawu akuti sudo amapatsa lamulo mphamvu zonse pa makina, ndipo rm -rf imafufuta osafunsa kawiri, osadutsanso mu Trash. Malangizo olembedwera Ubuntu ya zaka khumi zapitazo akhoza kuwononga ya lero. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani chimene mwachita. Mukasintha zisanu nthawi imodzi, ngakhale zitatheka simudzadziwa chimene chathandiza.

Ena anganene kuti ngati pamafunika zonsezi ndiye kuti Linux sinakhwime, pajatu Windows imangogwira ntchito. Imangogwira ntchito chifukwa kampani imene inapanga laputopuyo inaikamo kale ma driver onse ku fakitale isanaigulitse. Aliyense amene anaikapo Windows pa disiki yopanda kanthu amadziwa kusakasaka kumene kumakhalapo. Komabe sindibisa kuti pali malo amene wodandaula ali ndi mfundo. Microsoft Office ndi Adobe Photoshop zilibe mtundu wa Linux, ndipo amene ntchito yake yagona pa zimenezi asanyengedwe. Koma ngakhale pamenepa dandaulo lina limakhala ndi choyambitsa chooneka. Kalata yolembedwa mu Word ikatsegulidwa mu LibreOffice n'kupezeka masamba asokonekera, nthawi zambiri ndi chifukwa choti zilembo za Calibri ndi Cambria ndi za Microsoft ndipo mulibe m'makina anu. Pali Carlito ndi Caladea, zaulere, zopangidwa ndi muyeso wofanana nazo, ndipo mukaziika mizere yambiri imabwerera m'malo mwake. Kalata yofunsira ntchito ndi bwino kuitumiza ngati PDF basi. Chinanso, Linux imakulolani kuiyesa kuchokera pa flashi musanaike kanthu pa disiki. Mphindi zochepa zoyesa Wi-Fi, sipika, kamera ndi pirinta zimakuuziranitu zimene mudzakumane nazo.

Anzanga a m'mashopu okonzera makompyuta ali ndi yankho lawo: kufomata n'kofulumira, kasitomala akudikira. Ndikumvetsa, koma taonani chimene chimabisika. Makina amene amaima mwadzidzidzi, mafayilo n'kumawonongeka okha, kawirikawiri amakhala ndi disiki imene ikufa kapena RAM yolakwika, ndipo malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito amene ambiri timagula amabwera ndi disiki zotopa. Mukafomata, makina amaoneka bwino masabata angapo, kenako vuto limabwerera, mwina pa tsiku limene disiki yafa ndi zithunzi za ukwati ndi maripoti a kusukulu. Chikhalirecho disiki imasunga mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART, imene pulogalamu ya Disks kapena lamulo la smartctl limawerenga, ndipo dmesg imadzaza ndi mizere ya "I/O error" disiki ikayamba kulephera. Memtest86+ imayesa RAM popanda kukhudza fayilo ndi imodzi yomwe. Wokonza amene wauza kasitomala kuti akopere mafayilo ake lero ndipo agule disiki ina wamuthandiza kwambiri kuposa amene wamubwezera makina oyera koma odwala.

Ilipo nthawi imene kuikanso mwatsopano kuli koyenera. Ubuntu imatulutsa mtundu wa LTS mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, monga 22.04 ndi 24.04, ndipo umasamalidwa zaka zisanu, pamene mitundu ya pakati imasamalidwa miyezi 9 yokha. Amene watsalira pa mtundu umene unatha kalekale, kapena amene wasakaniza mapulogalamu ochokera kumagwero ambirimbiri mpaka apt, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena, yasokonezeka mosamasulika, angachite bwino kuyambiranso. Koma achite zimenezo atadziwa kale chimene chinalakwika, atayatsa makina ndi flashi n'kukopera foda ya /home pa disiki ina. Poikanso, asankhe LTS, aike /home pa chigawo chakechake cha disiki, ndipo ayatse Timeshift, imene Linux Mint imabwera nayo kale, kuti apudeti ikadzalakwika adzangobwezera makina mmene analili dzulo lake.