Inhela ya bulauni: mankhwala a mphumu osachita changu

Pa ntchito yanga ya unamwino, odwala mphumu ambiri amene ndimawaona amabwera ndi inhela imodzi yokha m'thumba, ya buluu ija. Ndikafunsa za inzake ya bulauni imene analandira tsiku lomwelo, yankho limakhala lomwelomwelo: "Ija siigwira, anesi. Ndinapopera ndikubanika koma osamva kanthu." Ndiye inatsala kunyumba, m'kabati, yodzaza. Sakunama, sanamvedi kusintha. Koma inhela yosiyidwayo ndi imene ikanawapulumutsa ku ulendo wa usiku wa pa kabaza, wobwera nawo kuchipatala akulephera ngakhale kutchula dzina lawo.

Mankhwala a mu inhela ya bulauni dzina lake ndi beclomethasone, ndipo ali m'gulu la ma steroid, mankhwala ochepetsa kutupa. Mpweya umene timapuma umadutsa m'timachubu timene timagawikanagawikana m'mapapo mpaka kukhala tating'ono kwambiri. Mwa munthu wa mphumu, mkati mwa timachubuti mumakhala motupa masiku onse, ngakhale tsiku limene akulima bwinobwino kapena kumenya mpira. Mumachulukanso makhololo. Poti ndi motupa kale, simuchedwa kuputika. Fumbi la mu Okutobala, utsi wa nkhuni kukhitchini, tchire lotenthedwa, chimfine, mphepo ya chiperoni mu Juni ndi Julaye, chilichonse mwa izi chimachititsa kuti minofu yozungulira timachubuto ifinye. Njira ya mpweya imachepa, m'chifuwa mumayamba kulira, munthu n'kumabanika.

Inhela ya buluu ili ndi salbutamol, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Ventolin. Ntchito yake ndi kumasula minofu yofinya ija, ndipo imachita zimenezi m'mphindi zochepa chabe. Nchifukwa chake anthu amaikonda, ndipo ikuyeneradi kukondedwa, chifukwa munthu akabanika ndiyo yothamangira. Koma pakatha maola anayi kapena kuposerapo pang'ono mphamvu yake imatha, ndipo kutupa kuja siikukhudza n'komwe.

Beclomethasone amalimbana ndi kutupako, ndipo sapupuluma. Pamatenga masiku angapo kuti munthu ayambe kumva kupepukidwa, ndi milungu kuti phindu lonse lioneke. Amapopera m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, kaya mukudwala kaya muli bwino. Odwala anga ndimawauza kuti kuli ngati kufolera nyumba m'chilimwe: tsiku limene mukukweza udzu simuona phindu lake, mumadzaliona mu Januwale.

Mankhwalawa asanabwere, madokotala ankadziwa kale kuti ma steroid amathandiza mphumu, koma ankawapereka ngati mapiritsi, monga prednisolone. Munthu womwa mapiritsi amenewa kwa miyezi kapena zaka ankalipira mtengo waukulu: nkhope kufufuma, mafupa kufooka, shuga, kuthamanga kwa magazi, ana kupinimbira. Ku Britain, kampani ya Allen & Hanburys, imene inali pansi pa Glaxo, ndi akatswiri ake otsogozedwa ndi David Jack, inatulutsa Ventolin mu 1969, kenako n'kuyesa kuika steroid mu inhela kuti azipita m'mapapo mokha. Zotsatira zoyamba sizinali zolimbikitsa. Amene anaonetsa kuti mankhwalawa amagwira anali dokotala wa mumzinda wa Derby, Harry Morrow Brown. Iye anali ndi chizolowezi choyang'ana makhololo a odwala ake pa maikulosikopu, kufufuza maselo otchedwa eosinophil amene amachuluka pa kutupa kwa mphumu. Atapereka inhelayo kwa odwala amene anali ndi maselo amenewa, ambiri anapeza bwino mpaka kusiya mapiritsi. Anasindikiza zimenezi mu 1972, chaka chimene inhelayo inayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Becotide.

Pali mantha amene ndimawamva kawirikawiri, makamaka kwa makolo: "Mwana akayamba inhela sadzasiya, thupi lizolowera." Mantha amenewa ndimawalemekeza, chifukwa amachokera m'chikondi. Koma inhela siimanga munthu ngati fodya. Chimene sichichoka msanga ndi mphumuyo, ndipo mwana akakhala bwino kwa miyezi ingapo dokotala amatha kuchepetsa mlingo. Taonaninso kuchepa kwa mankhwalawo. Kupopera kamodzi nthawi zambiri kumatulutsa mamaikulogalamu 50 kapena 100, pamene wamkulu amene wabanika kwambiri timamupatsa prednisolone wa mamiligalamu 40 pa tsiku, omwe ndi mamaikulogalamu 40,000 oyenda m'thupi lonse. Wokana inhela ya bulauni poopa steroid ndi amene amadzamwa mapiritsi amenewa mobwerezabwereza.

Zovuta zilipo, ndipo sindizibisa. Mankhwala otsalira mkamwa amatha kuyambitsa zoyerayera pa lilime ndi kukhosi, kapena kusasitsa mawu. Mukatha kupopera, chukuchani mkamwa ndi madzi, mulavule. Kwa ana ogwiritsa ntchito mankhwala a gulu limeneli kwa zaka, kafukufuku anapeza kuti msinkhu umatha kuchepa ndi pafupifupi sentimita imodzi. Ine ndikaika sentimita imeneyo pambali pa mwana wosagona usiku, wojomba kusukulu, wosatha kuthamanga ndi anzake, sindizengereza posankha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kapoperedwe. Ndaona anthu akupopera pa lilime ngati mankhwala onunkhiritsa mkamwa, ena utsi wake ukutuluka m'mphuno. Koyenera ndi kuikhutchumula inhelayo, kutulutsa mpweya wonse, kutseka milomo pa kamwa lake, kudina pamene mukuyamba kukoka mpweya pang'onopang'ono, kenako kuugwira mpweyawo masekondi ngati khumi. Kudina ndi kukoka nthawi imodzi kumavuta ngakhale akuluakulu, nanji mwana wa zaka zisanu. Nchifukwa chake pali chipangizo chotchedwa spacer, kachubu kamene kamasunga mankhwala kuti munthu awakoke mosapupuluma. Kumene kulibe, botolo la pulasitiki limathandiza. Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anasonyeza mu 1999 kuti botolo la mamililita 500 lobooledwa kumatako, inhela n'kulowetsedwa pabowopo mothina, linkathandiza ana obanika mofanana ndi spacer ya kufakitale. Pemphani azaumoyo akuonetseni kakonzedwe kake.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri a iwo m'mayiko osauka. Chaka chomwecho GINA, gulu la akatswiri lopereka malangizo a kachiritsidwe ka mphumu, linasiya kuvomereza zoti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha, litaona kuti kutero kumawonjezera chiopsezo cha kubanika koopsa. Kwathu kuno umboni ulipo. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kafukufuku wa ana 120 wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti ana amene anaunikidwa bwino, kupatsidwa mankhwala oyenera ndi kuphunzitsidwa kapoperedwe anapeza bwino kuposa anzawo, ndipo anachepetsa kujomba kusukulu. Ophunzitsawo sanali madokotala, anali anthu wamba ophunzitsidwa ntchitoyo. Beclomethasone ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala osayenera kusowa, choncho akasowa pa chipatala, wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti abwera liti. Ngati mukuthamangira inhela ya buluu koposa kawiri pa sabata, kapena chifuwa chikukudzutsani usiku, kafotokozeni zimenezi kwa dokotala momwemo.

Si chifuwa chilichonse chokhalitsa chimene chili mphumu. Agogo amene asuta chingambwe moyo wawo wonse, mayi amene waphika m'khitchini yopanda windo kwa zaka makumi anayi, bambo amene anachira TB koma mapapo anatsala ndi zipsera, onsewa amatha kubanika ndi kutsokomola. Ena mwa iwo ali ndi matenda otchedwa COPD, amene timachubu timakhala titaonongekeratu. Pa matenda amenewa steroid wopopera amathandiza ochepa okha, makamaka amene amabanika kawirikawiri ndipo ali ndi ma eosinophil ambiri m'magazi, ndipo amawonjezera mpata wodwala chibayo. Musabwereke inhela ya mdzukulu n'kupatsa agogo. Ndipo munthu amene watsokomola milungu iwiri, akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, ayambe wapereka makhololo kuti ayezedwe TB.